Yendani Joni pa Mapu Musanakwere Basi

Kwathu kuno timangoti "ali ku Joni," ngati Joniyo ndi malo amodzi oti ukatsika pa depoti n'kufunsa, wina akulozera nyumba. Zoona zake n'zakuti dera la Gauteng lili ndi mizinda ikuluikulu itatu yolumikizana: Johannesburg, Tshwane komwe kuli Pretoria, ndi Ekurhuleni komwe kuli bwalo la ndege la OR Tambo. Kalembera wa mu 2022 anapeza kuti m'derali mukukhala anthu oposa 15 miliyoni, chonsecho malo ake ndi ochepa kuposa gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a dziko la Malawi. M'bale wanu akhoza kukhala ku Tembisa, inu mwatsikira ku Park Station, ntchito yapezeka ku Roodepoort, ndipo nonse mukuti muli ku Joni. Foni yanu ikhoza kukuonetsani zonsezi muli pakhonde kwanu.

Yambani ndi kusunga mapu m'foni. Pezani malo a WiFi kapena gulani bandulo yokwanira, tsekulani Google Maps, lembani Johannesburg, kenaka pitani pamene palembedwa Offline maps. Kokani bokosilo kuti likwane kuyambira ku Pretoria kumpoto mpaka kupitirira Soweto kummwera, ndipo musasiye Kempton Park kummawa. Mukatero mapu azitseguka ngakhale simu khadi ya kwanu itasiya kugwira mutadutsa Beitbridge. Ngati foni yanu ndi yochepa malo, Organic Maps imagwiranso ntchito popanda intaneti. Imatenga mapu ake ku OpenStreetMap, omwe amajambulidwa ndi anthu ongodzipereka.

Chachiwiri, musathamangire kulemba adiresi. Chepetsani mapu ndi zala ziwiri mpaka muone dera lonse, ndipo fufuzani misewu itatu, N1, N3 ndi N12, yomwe imazungulira Johannesburg ngati mphete. Msewu wa M1 umadula mpheteyo pakati, kuchokera kummwera kupita kumpoto. Mukagwira mafupa amenewa, mayina ena onse amapeza pokhala.

Tsopano sinthani mapu kuti aonetse chithunzi cha kumwamba, chimene amati Satellite, ndipo pano musafulumire. Kummwera kwa tawuni muona timapiri tachikasu, tafulati pamwamba ngati tochita kudula ndi mpeni, tondondozana kuchokera kummawa mpaka kumadzulo. Umenewo ndi mchenga wotsala m'migodi ya golide, amene anapezeka mu 1886 ndipo ndiye anabala mzindawu. Agogo athu ambiri anagwira ntchito pansi pa nthaka imeneyo pa nthawi ya Wenela. Onani momwe Soweto aliri kuseri kwa mzere wa migodiwo, kutali ndi ntchito. Kenaka pitani ku Sandton, dutsani M1 kulowera kummawa, mufike ku Alexandra. Mbali ina mitengo yaphimba nyumba ndipo maiwe osambira akuwala buluu; mbali inayo malata agundana kopanda poponda. Pakati pake ndi mtunda woti munthu amayenda pansi. Boma la tsankho linatha mu 1994, koma mmene linagawira malo mukuonekabe, ndipo ndi chifukwa chake wosauka ku Gauteng amawononga ndalama zambiri pa mayendedwe.

Chachinayi, ikani zizindikiro. Dinani ndi kugwira pamalo, ndiye musankhe Save: potsikira basi, kwa m'bale wanu, kuntchito, chipatala cha boma chapafupi, ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria. M'baleyo muuzeni akutumizireni malo ake enieni pa WhatsApp ali m'nyumbamo, osati dzina la msewu lokha. Mayina ngati Main Road ndi Church Street alipo ambirimbiri m'deramo. Mnyamata wina wa kwathu analemba dzina la msewu, n'kudina loyamba limene linatuluka, ndipo anakapezeka kutali ndi komwe amamudikira, usiku, batire ili pafupi kutha. Samalaninso ndi mayina akale. Pa mapu muona Lilian Ngoyi Street, koma pakamwa pa anthu ndi Bree, ndipo malo okwerera mateksi amatchedwabe Bree. Jeppe Street tsopano ndi Rahima Moosa, Market Street ndi Albertina Sisulu. Lembani onse awiri.

Mukatha apo, yesani ulendo wa tsiku ndi tsiku musanalipire lendi kulikonse. Dinani Directions, ikani nyumba ndi kuntchito, ndipo musinthe nthawi yonyamukira kukhala 6 koloko m'mawa Lolemba, osati Lamlungu masana pamene misewu ili pululu. Gawo ili limafuna intaneti. Onaninso ngati pafupi pali sitima ya Gautrain, yomwe inayamba mu 2010 ndipo imalumikiza Park Station, Rosebank, Sandton, Midrand, Centurion, Pretoria ndi bwalo la ndege. Imathamanga koma ndi yodula kwa munthu wolandira zochepa. Basi za Rea Vaya zimalumikiza Soweto ndi pakati pa tawuni kuyambira 2009. Komatu anthu ambiri amakwera mateksi, omwe ndi maminibasi ngati athu omwewa, ndipo apa mapu amafooka. Sakuuzani teksi iti ikupita kuti, kapena chizindikiro cha chala chimene muyenera kukweza poimitsa. Zimenezo mufunse amene mukukhala naye. Chipinda chotchipa chofuna mateksi atatu kuti mufike kuntchito sichotchipa ayi.

Kuti muone msewu ndi maso, gwiritsani Street View. Muona geti, shopu ya pakona, ngati pali magetsi a mumsewu. Pansi pa chithunzi pamakhala mwezi ndi chaka chimene chinajambulidwa. Werengani, chifukwa nyumba ikhoza kusintha kwambiri m'zaka zochepa. Wina akakutumizirani chithunzi cha chipinda chokongola n'kumafuna dipoziti, yang'anani adiresiyo pamenepa. Mukapeza bwalo lopanda kanthu kapena galaji, musatumize ndalama.

Amene akufuna kudziwa zambiri, monga ophunzira, atolankhani ndi ochita malonda, afufuze dzina la Gauteng City-Region Observatory, mwachidule GCRO. Bungweli linakhazikitsidwa mu 2008 ndi boma la Gauteng pamodzi ndi mayunivesite a Wits ndi Johannesburg, ndipo kuyambira 2009 limachita kafukufuku wotchedwa Quality of Life, wofunsa anthu zikwizikwi za ntchito, nyumba, madzi, mayendedwe ndi chitetezo. Zotsatira zake amaziika pa mapu ogawidwa m'mawadi. Musanakhulupirire mtundu uliwonse pa mapu otere, werengani kabokosi kofotokoza tanthauzo la mitunduyo, ndiponso chaka cha kafukufukuyo. Kufiira sikutanthauza zoopsa nthawi zonse. Kumbukiraninso kuti wadi imodzi ikhoza kukhala ndi nyumba za mipanda ndi zisakasa pamodzi, ndiye nambala yake imabisa zonse ziwiri.

Ntchito yonseyi muichitire m'nyumba. Pakati pa tawuni ya Johannesburg, makamaka pozungulira Park Station ndi malo okwerera mateksi, si pamalo poyenda foni ili m'manja maso ali pa mapu; akuba amadziwa mlendo ndi zimenezo. Lowezani njira musanatuluke, ndipo mukasokera lowani m'shopu, muone mapu muli mkati. Adiresi ya komwe mukupita ndi nambala ya m'bale wanu muzilembenso papepala, muike m'thumba losiyana ndi la foni.