Golide wosaoneka ndi maso: amachita chiyani m'thupi la khoswe ndi mbewa?

Kodi ndi golide wotani ameneyu?

Ndi golide weniweni, koma wa tizidutswa ta mananomita 1 mpaka 100, pomwe tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa mananomita pafupifupi 80,000. Akachepa chotere, m'madzi amaoneka wofiira, monga wasayansi Michael Faraday anafotokozera mu 1857. Mzere wofiira wa pa zida zambiri zoyezera malungo mwachangu ndi golide yemweyu, ndipo pamenepo salowa m'thupi. Nkhawa imadza poti ofufuza akufuna kuti tizidutswati tizinyamula mankhwala a khansa kudzera m'magazi.

Tikabayidwa m'thupi timakathera kuti?

Makamaka m'chiwindi ndi m'kapamba. Mu 2008 ofufuza a ku Netherlands anabaya makoswe mumtsempha ndi tizidutswa ta mananomita 10, 50, 100 ndi 250. Patatha maola 24, ta mananomita 10 ndi timene tinafalikira kwambiri, mpaka mu impso, mumtima, m'mapapo ndi mu ubongo.

Ndiye kuti tating'ono kwambiri ndi timene timapha?

Apa mpomwe nkhaniyi imazunguza mutu. Ku Taiwan mu 2009, mbewa zinkabayidwa m'mimba mamiligalamu 8 pa kilogalamu sabata iliyonse. Zimene zinalandira tizidutswa ta mananomita 3, 5, 50 ndi 100 sizinadwale. Zimene zinalandira ta pakati pa 8 ndi 37 zinafooka, zinasiya kudya bwino, zinaonda, ubweya unasintha mtundu. Pofika tsiku la 14 misana inayamba kupindika, ndipo zambiri zinafa pasanathe masiku 21. Atazing'amba anapeza chiwindi, mapapo ndi kapamba zitawonongeka. Aliyense wonena kuti golide ameneyu "alibe vuto" ayenera kufunsidwa kaye kuti akunena wa msinkhu uti.

Nanga magazi?

Kafukufuku wa ku Tianjin, ku China, mu 2010 anapeza kuti tizidutswa ta mananomita 13.5 tikachuluka, maselo ofiira a magazi a mbewa amachepa. Njira yoperekera golideyo nayo inali ndi mbali: kumwetsa ndi kubaya m'mimba kunavulaza kuposa kubaya mumtsempha wa kumchira.

Kodi thupi limatha kum'tulutsa?

Movutikira. Impso zimasefa tizidutswa tosapitirira mananomita 5 kapena 6 basi. Totsalato timamezedwa ndi maselo a Kupffer m'chiwindi, ndipo golide sagayika msanga. Ku Denmark, mbewa zobayidwa ta mananomita 40 zinali zikadali ndi magawo oposa 90 pa 100 alionse a golide amene analowa m'chiwindi patapita miyezi 6.