Phunziro 6: Vuto la otizimu ndi ana ofunika chisamaliro usana ndi usiku

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza phunziroli tikhale titadziwa kuti otizimu n'chiyani, chifukwa chake ana a vutoli safanana, ndiponso zimene lamulo la dziko lathu likunena za mwana amene sangathe kudzilankhulira yekha.

Zimene timaona m'midzi mwathu

Kuno kuchigwa, kuyambira kwa Chapananga mpaka ku Marka, ambiri a ife tikudziwa khomo lina pamene pali mwana wotere: wakwanitsa zaka zisanu koma salankhula. Ukamuitana satembenuka, chonsecho makutu ake ali bwinobwino. Sasewera ndi anzake. Amatha tsiku lonse akundandalika timiyala pamzere, ndipo wina akasuntha kamodzi kokha, kulira kwake kumamveka mudzi wonse. Chigayo chikalira amatseka makutu. Ife timangoti ndi wamisala kapena chitsiru. Ena amanong'ona kuti bambo ake adamukhwimira kuti golosale iyende. Ena amati mayi ake adalakwira mwambo ali ndi pakati. Ngati pakhomopo pali agogo okalamba, chala chimaloza iwo.

Achipatala amalitcha vutoli otizimu. Mwana amabadwa nalo, ndipo limachokera ku m'mene ubongo wake udakulira. Kawirikawiri limayenda m'magazi a kumtundu. Silipatsirana, silichokera ku ufiti, ndiponso silibwera chifukwa cha katemera wa kusikelo. Dokotala amene adafalitsa nkhani ya katemerayi ku England mu 1998 adapezeka kuti adachita chinyengo, ndipo mu 2010 adamulanda chiphaso cha udokotala. Mmodzi mwa oyamba kulifotokoza bwino vutoli anali Leo Kanner wa ku America, amene mu 1943 adalemba za ana 11. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2021 munthu mmodzi mwa anthu 127 alionse anali ndi otizimu. Tiwerenge tokha anthu a m'parishi mwathu, tione kuti angakhale angati.

Tichenjere pa chinthu chimodzi. Kuno malungo ndi ambiri, ndipo mwana amene adakomoka ndi malungo a muubongo angathe kusiya kulankhula kapena kusintha khalidwe. Mwana wosamva nayenso satembenuka akaitanidwa. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya achipatala, osati ya ife kapena ya sing'anga.

Magawo atatu

Mu 2013 madokotala a matenda a maganizo a ku America adatulutsa buku lotchedwa DSM-5, limene lidagawa otizimu patatu. Muyeso wake ndi kukula kwa chithandizo chimene munthuyo afunika.

Gawo loyamba ndi la munthu wofunika chithandizo pang'ono. Amalankhula, amaphunzira, mwina masamu amaposa anzake onse. Koma kucheza kumamuvuta, nthabwala ndi mikuluwiko sazitolera, ndipo zinthu zikasintha mwadzidzidzi amasokonezeka. Ife amene tidaphunzira zauphunzitsi kale sitidauzidwe zimenezi. Ana otere tinkawakwapula poyesa kuti ndi amwano chifukwa sankatiyang'ana kumaso. Tikakumbukira timachita manyazi.

Gawo lachiwiri ndi la wofunika chithandizo chachikulu. Amalankhula mau ochepa, mwina kungobwereza zimene wamva, ndipo aliyense amaona kuti pali vuto ngakhale pali womuthandiza.

Gawo lachitatu ndi la wofunika chithandizo chachikulu kopambana. Mau alibe, kapena ali ndi awiri atatu okha. Ena sangathe kusamba, kuvala kapena kupita kuchimbudzi okha ngakhale atakula. Ena amadziluma ndi kudzimenyetsa mutu kukhoma, ndipo ambiri amadwalanso khunyu. Mu 2021 gulu la akatswiri limene lidasonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet lidapempha kuti anthu ofunika munthu wamkulu pafupi maola 24 akhale ndi dzina lawolawo, poona kuti pokamba za otizimu amamveka kwambiri ndi aja otha kudzilankhulira, pamene ovutikitsitsa amaiwalika. Ena adatsutsa, nati maina otere amachititsa anthu kutaya mtima pa mwana. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Gawo si chidindo cha moyo wonse. Mwana wothandizidwa msanga angathe kuphunzira zambiri. Komabe tisanamize mayi kuti mwana aliyense adzalankhula, chifukwa ena sadzalankhula.

Katundu amene banja limasenza

Tiganizire mayi wa mwana wa gawo lachitatu. Kudimba sangapite naye, pakuti ana ambiri a vutoli amakonda madzi ndipo sadziwa choopsa. Kungotembenuka pang'ono, mwana walunjika ku Shire kumene kuli ng'ona. Ganyu ya m'minda ya nzimbe kapena yotola thonje sangagwire. Kumaliro ndi kumsika sapita. Abambo ena amathawa n'kukakwatira kwina, ati kumtundu kwawo kulibe zotere. Ndiye mayi uja amatenga chingwe n'kumangirira mwanayo pamtengo, kapena kumutsekera m'nyumba yotentha ngati ng'anjo mwezi wa Okutobala. Kumanga mwana n'kulakwa, ndipo kuyenera kutha. Koma tisanathamangire kudzudzula, tidzifunse kuti ndani wa ife adapitako kukamukhalira ndi mwanayo ngakhale m'mawa umodzi.

Nthawi ya madzi osefukira vutoli limakula koposa. Tidaona mu Januwale 2015, mu Malichi 2019, nthawi ya namondwe Ana mu 2022, ndiponso ya Freddy mu Malichi 2023. Anthu a ku Makhanga ndi madera ena adathawira kumisasa monga wa ku Bangula, mabanja ambirimbiri m'chipinda chimodzi cha sukulu. Mwana amene sapirira phokoso, amene amadya chakudya cha mtundu umodzi wokha m'mbale yake yomweyo, kumsasa amakuwa usiku wonse. Anthu otopa ndi anjala amayamba kunyoza. Mayi sangaime pamzere wa ufa atagwira mwana wamphamvu wa zaka khumi amene akufuna kuthawa, ndiye amabwerera chimanjamanja. Pothawa madzi, mwanayo samva mluzu wochenjeza monga chenjezo, ndipo angathe kukana kukwera bwato. Choncho komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ilembe maina a makomo otere mvula isanayambe, ndipo isankhiretu anthu awiri amene mwanayo adawazolowera oti adzathandize kumunyamula.

Kodi lamulo likuti chiyani?

Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, ndipo gawo 25 limapereka ufulu wa maphunziro kwa aliyense. Mu 2009 Malawi adavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2024 kudabwera lamulo latsopano la anthu aulumali limene lidalowa m'malo mwa la 2012, ndipo bungwe lija tinkalidziwa kuti MACOHA tsopano ndi MACODA. Tidziwenso kuti lamulo la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Tinene zoona: zolembedwa papepala ndi zimene zili pansi n'zosiyana. Madokotala odziwa bwino vutoli ndi ochepa, ndipo kawirikawiri mpaka kukwera mtunda wa Thabwa kukafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Aphunzitsi a ana ofunika maphunziro apadera, amene amaphunzira ku Montfort ku Nguludi, sakwanira sukulu zonse. Koma ufulu wosaupempha subwera wokha. Poyambira ndi kwa mlangizi wa zaumoyo ndi kusikelo. Iwo angatumize mwana ku chipatala cha boma, ku St Montfort ku Nchalo kapena ku Trinity ku Muona. Mankhwala ochiza otizimu kulibe, ndipo wonena kuti ali nawo akufuna mbuzi yanu. Koma khunyu lili ndi mankhwala othandiza. Banja losaukitsitsa limene lilibe wogwira ntchito lifunse kwa mfumu ndi ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu za Mtukula Pakhomo.

Pakhomo, mwana wosalankhula angaphunzire kuloza kapu akafuna madzi, kapena kupereka chithunzi cha chimbudzi. Tichite zinthu pa nthawi yake yomweyo tsiku lililonse, tilankhule mau ochepa, ndipo akakuwa tiyambe tafufuza ngati dzino kapena m'mimba simukupweteka. Atsikana otere tiwateteze kwambiri, chifukwa ogwirira amadziwa kuti sangakanene.

Mafunso okambirana m'limana

1. Kodi m'mudzi mwathu ana otere timawatchula maina otani? Makolo awo akamva amamva bwanji?
2. Ngati mphunzitsi wamkulu wabweza mwana ponena kuti asokoneza anzake, kholo likadandaule kuti, ndipo ndani wa ife angaliperekeze?
3. Tigawane bwanji masiku kuti mayi wa mwana wa gawo lachitatu apeze mpata wopita kudimba kawiri pa sabata?