Guendolen, Sitima Yankhondo ya pa Nyanja ya Niassa

Ife a ku Tsangano timakhala kumapiri. Timadziwa mbatatesi, tirigu ndi chisanu cha mu Juni. Ambiri a ife sitinaionepo nyanja. Koma tikadutsa Ntcheu ndi kutsikira kuchigwa, timafika pa nyanja yaikulu. Kuno ku Mozambique timaitcha Niassa, anzathu a kutsidya kwa malire amati Nyanja ya Malawi. Lero tiwerenga za sitima yankhondo imene inayenda pa nyanjayo.

Dzina lake linali Guendolen. Inali ya Angerezi. Anaipanga ku England, naitumiza kuno ili zidutswazidutswa. Zidutswazo zinalowera pa doko la Chinde, m'dziko lathu lino, ndi kukwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire. Pa Shire pali mathithi pamene ngalawa sizidutsa. Pamenepo zitsulo zinadzera pamtunda, ndi mphamvu za anthu akuda. Anakazilumikiza ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, ndipo sitimayo inayamba kuyenda m'chaka cha 1899.

Ajeremani, amene ankalamulira dziko lomwe lero ndi Tanzania, anali nayonso yawo. Inali Hermann von Wissmann. Akaputeni a sitima ziwirizi, Rhoades Mngerezi ndi Berndt Mjeremani, anali pa ubwenzi, ndipo ankamwera pamodzi.

Mu Ogasiti 1914 nkhondo yaikulu inabuka ku Ulaya. Rhoades analandira lamulo lakuti akaononge sitima ya mnzake uja. Anaipeza pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli. Anali ataikokera kumtunda kuti aikonze. Guendolen inaomba mzinga wake. Berndt anabwera pa kabwato ali wokwiya, akuyesa kuti mnzakeyo waledzera. Uthenga wa nkhondo unali usanamufike! Anamugwira pomwepo. Angerezi anachotsa mzinga wa sitima yake ndi zitsulo zina za injini, ndipo ku London nyuzipepala inalemba kuti apambana nkhondo ya pamadzi.

Nkhaniyi imaseketsa, koma tisaseke msanga. Nyanja yonse tsopano inali m'manja mwa Angerezi. Guendolen inayamba kutuma asilikali, zipolopolo ndi chakudya kumka nazo kumpoto. Mu Seputembala 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Ambiri amene anafa, mbali zonse ziwiri, anali asilikali akuda. Mu Meyi 1915 Angerezi anabwereranso ku Liuli kukaphwanya sitima ya Ajeremani ija kuti isadzayendenso.

Sitimayo inkayendera moto wa nkhuni. Anthu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ndiwo ankadula ndi kusenza nkhunizo. Katundu akatsika padoko, panalibe galimoto zokwanira. Ankasenzedwa pamutu ndi amtengatenga, amuna otengedwa m'midzi, ambiri mokakamizidwa. Ankayenda miyezi, opanda nsapato, phoso lili lochepa. Ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Maina a akaputeni aja ali m'mabuku. Maina a amtengatenga ambiri sanalembedwe, ndipo iwo eni sankatha kuwalemba.

Ena anakana. John Chilembwe wa ku Chiradzulu analemba kalata yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo, ndipo mu Januwale 1915 anaukira boma. Apwitikizi atalowa nkhondoyo mu 1916, nawonso anayamba kugwira anthu oti azisenza katundu. Mu 1917 anthu a ku Barue, kumwera kwa Zambezi, anawaukira.

Nkhondo inatha mu 1918. Guendolen inapitiriza kunyamula anthu ndi katundu kwa zaka zambiri, ndipo anaiphwasula mu 1944. Mzinga wake uli ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, m'mbali mwa Shire.

Tikambirane

Kodi Berndt anakwiyiranji?

Kodi m'mudzi mwathu alipo agogo amene anamva za makolo otengedwa kukasenza katundu wa nkhondo? Tikawafunse maina awo, mawa tidzawalembe pabolodi.