Za Malasha ndi Moto Wodya Utsi Wake

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chifika ndi nkhungu yake nichiphimba phiri la Zomba, anthu onse afuna moto. Kuphiri kuzizira koposa kuchigwa cha Chilwa, pakuti nsonga yake ipitirira mamita 2,000 m'mwamba. Chifukwa chake nyumba zambiri zakale za boma, zomangidwa pamene Zomba anali likulu la dziko, ndiye kufikira 1975, zili ndi posonkha moto pake ndi chumuni. Ife a ku Zakazaka tiotha nkhuni ndi makala; koma kuli chinthu china choyaka, dzina lake malasha.

Malasha ndi makala si chinthu chimodzi ai. Makala awotcha anthu m'uvuni, atadula mitengo. Malasha akumbidwa pansi. Ndiwo mitengo ndi zomera zakalekale zimene zinagwa m'madambo, nizikwiririka ndi matope, nizipsinjika zaka zosawerengeka, kufikira zinasanduka mwala wakuda. M'dziko lathu akumbidwa ku Mchenga, pafupi ndi Livingstonia. Aliponso ambiri ku Moatize, m'chigawo cha Tete, ndi ku Hwange, kumene kale kunatchedwa Wankie. Kumeneko amuna ambiri a kwathu anagwira ntchito m'migodi.

Malasha atentha koposa nkhuni, ndipo moto wake sufulumira kutha. Koma ali ndi choipa chake. Ukaponya malasha atsopano pamwamba pa moto, ayamba kufuka utsi wambiri wachikasu, wonunkha phula ndi sulufule. Utsiwo ukwera m'chumuni, nudetsa denga ndi mwaye, nutsokomoletsa anansi.

Kodi utsi nchiyani? Yesani ichi pamaso pa mphunzitsi wanu. Yatsani kandulo, iyake kanthawi, nimuizime. Pomwepo gwirani machesi oyaka m'kautsi koyera kotuluka pachingwe chake, chapafupi ndithu. Mudzaona lawi litsika m'utsimo niliyatsanso kanduloyo. Potero tizindikira kuti utsi ndiwo chakudya cha moto chimene chathawa chisanapse. Nyumba yofuka utsi wambiri ikutaya nkhuni zake kumwamba.

Amisiri a kumaiko ozizira anaganizira ichi, napanga chitofu chachitsulo cha mtundu wina. M'chitofu wamba mpweya ulowa pansi, nukwera pakati pa malasha, nutenga utsi kunka nawo kunja. Koma m'chitofu ichi mpweya ulowa pamwamba, ndipo khomo lopita kuchumuni lili pansi, kumene kuli malasha ofiira. Tsono utsi wa malasha atsopano ulibe njira ina, koma kutsika kupyola pamoto woopsawo. Pamenepo ukomana ndi mpweya wina wolowa pa timabowo, nupsa ndi lawi loyera. Motero moto udya utsi wake womwe. Malasha omwewo atenthetsa nyumba nthawi yaitali, ndi mwaye uchepa. Ena aika chitofu chotere pansi pa thanki ya madzi. Madzi otentha ayenda m'mipope kulowa m'zipinda zonse, nabweranso kudzatenthedwa.

Mudzafunsa kuti, Moto ungatsike bwanji, popeza lawi likonda kukwera? Mwini ntchitoyo ndiye chumuni. Mpweya wotentha upepuka koposa wozizira. Pokwera m'chumuni chachitali ukoka mpweya wina pambuyo pake, monga mwana akoka madzi ndi bango. Chumuni chikazizira, kapena chikatsekeka ndi mwaye kapena chisa cha mbalame, sichikoka. Utsi ubwerera m'nyumba. Chifukwa chake wosonkha moto wanzeru ayamba ndi tinkhuni touma kuti chumuni chifunde, naonjeza malasha pang'onopang'ono, nachotsa phulusa tsiku ndi tsiku kuti mpweya upite bwino.

Musayese utsi chinthu chachabe. M'mwezi wa Disembala 1952, mzinda wa London unaphimbidwa masiku asanu ndi nkhungu yosakanizika ndi utsi wa malasha, ndipo anthu zikwizikwi anafa ndi matenda a m'chifuwa. M'chaka cha 1956 boma la kumeneko linaika lamulo lochepetsa utsi m'mizinda.

Koma ilipo ngozi ina yoposa utsi wooneka, ndipo ili pakati pathu pomwe pano. Malasha kapena makala akayaka pamalo popanda mpweya wokwanira, atulutsa mpweya wakupha umene suoneka, ndiponso sununkha. Munthu woupuma amva mutu, nachita chizungulire, nafooka, nagona. Ndipo ambiri sadzukanso. Usiku wa chisanu mayi alowetsa mbaula m'nyumba chifukwa cha chifundo, kuti ana asazizidwe, natseka chitseko ndi mawindo. Ndipo chifundo chomwecho chidzetsa maliro. Tsono ana inu, sungani mawu awa, nimukawanene kwanu: mbaula isagone m'nyumba yotseka, ngakhale makala ake afiira bwino osafuka. Mukapeza munthu wakomoka pafupi ndi mbaula, tsegulani khomo, mumtulutse kubwalo, nimuthamange naye kuchipatala.

Chitofu cha malasha ambiri a inu simudzakhala nacho. Koma nzeru yake ili ya pa mafuwa omwe. Nkhuni zouma, zoikidwa pang'onopang'ono, ndi mpweya wokwanira, zipatsa moto woyera. Ndipo nkhuni zikachepa pamoto, mitengo itsala m'phiri, imene isunga madzi a Mulunguzi amene timwa. Mulungu anatipatsa moto ukhale mtumiki wathu, ndipo atifunsa kuti tiusamale.

Mafunso

1. Kodi malasha asiyana bwanji ndi makala?
2. Kandulo yozimidwa itiphunzitsa chiyani za utsi?
3. Nchiyani chikokera moto pansi m'chitofu chimene tanenachi?
4. Mudzachita chiyani mukapeza munthu wakomoka pafupi ndi mbaula?