Kodi Mkhristu Angapemphere Salmo 109?

Tsegulani Salmo 109. Davide akupempha Mulungu kuti alange munthu womunamizira, ndipo mau ake ndi owawa ndithu.

Ndikuganizira mnzathu wamasiye amene acibale a malemu amulanda nyumba, mabulangete ndi mapoto omwe. Tikafulumira kumuuza kuti angokhululuka, misozi isanaume, timamutseka pakamwa. Salmoli limamulola kutula mlandu wonse pamaso pa Woweruza.

Koma onani Davide yemweyo m'phanga la ku Engedi (1 Samueli 24). Sauli anali m'manja mwake, iye anangodula kansalu ka covala cake. Kubwezera anakusiyira Mulungu, monga Paulo atiphunzitsa pa Aroma 12:19.

Funso lokambirana: tingamuperekeze bwanji mnzathuyu kukhoti, uku tikupemphereranso omulandawo kuti alape?