Phunziro: Mankhwala Ophera Tizirombo Akatayika Kapena Akayaka Moto

Phunziro la mwezi uno likunena za botolo lija limene limakhala kuseri kwa chitseko kapena pansi pa bedi pafupifupi m'nyumba iliyonse.

Mukumbukira kolera imene inabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023. Inadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 700. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Kuno kummawa inali itayamba kale kuoneka ku Vubwi mu Januwale 2023. Kuyambira nthawi imeneyo klorini analowa paliponse: m'nyumba, pamsika, pamaliro, pakhomo la tchalitchi. Ndipo amene amamunyamula, kumusungunula ndi kukolopera ndife azimai. Anatiphunzitsa kuthira, koma ambiri a ife sitinamve chochita mankhwalawa akatayika, akalowa m'diso, kapena moto ukabuka pamene asungidwa.

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Sabata lija lokonzekera kutsegula sukulu, tinali kutsuka zimbudzi za atsikana. Ndinathira mankhwala otsukira chimbudzi, koma litsiro lachikasu silinachoke. Ndinati ndiwonjezere bulichi pamwamba kuti mphamvu zikhale ziwiri. Mphindi imodzi isanathe maso anayamba kuyabwa, chifuwa chinatsekeka, ndinatuluka ndikutsokomola ngati wotsamwa. Ine, mphunzitsi wa zaka zoposa makumi awiri! Ndinachita mwayi kuti chitseko chinali chotsegula ndipo panalibe mwana pafupi.

Dziwani chimene muli nacho

Mankhwala onunkha klorini si amodzi. Clorin wothira m'madzi akumwa ndi wosungunuka kwambiri, ndiye wofooka mwa onse. Jik ndi mabulichi ena otere ali ndi mphamvu ya 3.5 peresenti. Pofuna madzi a 0.5 peresenti otsukira malo oipitsidwa, timathira kapu imodzi ya Jik m'makapu 6 a madzi. Ndiye pali klorini wa ufa, woyera wa timibulu, wotchedwa HTH, amene azaumoyo amagwiritsa ntchito pa zitsime ndi nthawi ya mliri. Ameneyu ali ndi mphamvu ya 65 mpaka 70 peresenti, kutanthauza kuti aposa Jik pafupifupi maulendo 20. Ndiye woopsa kwambiri pa nkhani ya moto. Palinso sipiriti ndi sanitaiza zimene tinazolowera nthawi ya COVID-19 mu 2020. Izi mulibe klorini koma muli mowa umene umayaka msanga.

Lamulo loyamba ndi ili: bulichi amasakanizidwa ndi madzi ozizira basi. Mankhwala ambiri otsukira chimbudzi, monga Harpic wamphamvu uja, ali ndi asidi, ndipo asidi akakumana ndi bulichi pamatuluka mpweya wa klorini umene umapsereza m'mphuno ndi m'mapapo. Viniga ndi madzi a mandimu amachitanso chimodzimodzi. Ngakhale mkodzo umene wagona m'ndowa umatulutsa mpweya woipa mukathiramo bulichi wosasungunula. Inu amene mumasamala odwala ogona, tayani kaye za m'ndowamo, tsukuluzani ndi madzi, kenaka muthire mankhwala osungunula. Mpweya wa klorini ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho umatsikira pansi. Inu oimirira mungaumve pang'ono, koma mwana wokwawa ndi wodwala wogona pamphasa ndi amene amaupuma wambiri.

Akatayika pansi

Tulutsani ana ndi odwala, tsegulani zitseko ndi mazenera. Musathamangire chitenje chanu kapena nsanza kuti mupukute ndi manja. Valani magolovesi a rabala, ndipo ngati palibe, mapulasitiki awiri kudzanja lililonse ndi nsapato kumapazi. Thirani mchenga kapena dothi louma mozungulira kuti madziwo asayenderere, kenaka pamwamba pake. Wolani ndi fosholo, kakwirireni kutali ndi chitsime ndi dimba, ndiye mutsuke pamalopo ndi madzi ambiri. Utuchi ndi gaga musagwiritse ntchito.

Ngati wotayikayo ndi klorini wa ufa, sesani ndi tsache louma ndi loyera. Apa pali yesero limene ndilidziwa bwino: kuwawidwa mtima ndi katundu, n'kubwezera ufa wosesedwawo m'chitini. Musatero ayi. Ufa umene wakhudzana ndi litsiro kapena chinyontho ungathe kutenthetsa chitini chonse mpaka kuphulika. Utsanulireni pang'onopang'ono m'ndowa ya pulasitiki yodzaza madzi, muli panja. Nthawi zonse ufa ndi umene umapita m'madzi, osati madzi kuthiridwa pa ufa.

Akakhudza thupi

Apa mankhwala ake ndi amodzi: madzi, kapena manzi monga tinenera kuno ku Unsenga. Vulani chovala chimene chanyowa, thirani madzi oyera pakhungupo kwa mphindi 15 mpaka 20. Nthawi imeneyi ndi yaitali kuposa mmene timaganizira. Ambiri timasiya patangotha mphindi ziwiri chifukwa ululu wachepa, pamene mankhwalawo akadali kudya khungu. Ngati mulibe wochi, imbani nyimbo zinai kapena zisanu za m'buku lathu, ndime zonse, madzi akuyenderera. Wina akhale akutunga, pakuti ndowa imodzi siikwana.

Diso lifuna changu choposa. Pendeketsani mutu kuti diso lovulala likhale mmunsi, litsegulidwe ndi zala, madzi achokere cha kumphuno kupita cha kukhutu kuti mankhwala asalowe m'diso linalo. Mwana adzalira ndi kulimbana nanu. Mukulungeni m'chitenje, wina amgwire, inu mupitirize. Musathire mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena masamba ofinya. Mukatha kutsuka pitani kuchipatala ngakhale aoneke ngati ali bwino.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya ana omwa mankhwalawa. Kawirikawiri chimayambitsa ndi chifundo chathu chomwe: mnzathu wapempha bulichi pang'ono, tamuthirira m'botolo la Fanta kapena la maheu, ndipo kwa mwana wa zaka zitatu botolo lotere ndi chakumwa. Zikachitika, musamusanzitse. Agogo adzakuuzani kuti mumupise chala kukhosi kapena mumumwetse madzi a mchere, mafuta ophikira kapena dzira laliwisi. Akanizeni mwaulemu koma molimba. Mankhwala amene apsereza kummero potsika amapserezanso pokwera, ndipo masanziwo angalowe m'mapapo. Izi ndi zoona ngakhale kwa Dettol ndi Jeyes Fluid. Mutsukeni mkamwa. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mupatseni madzi pang'ono chabe. Ngati akuwodzera, akutuluka dovu kapena akubanika, musampatse kanthu. Mugonekeni chammbali, thamangani naye ku kiliniki yapafupi, ku Nyimba District Hospital, ku Minga kapena ku Kalindawalo, ndipo botolo lija munyamule kuti adokotala aone chimene wamwa.

Wopuma mpweya woipa mtulutseni panja, kumene mphepo ikuchokera, akhale tsonga. Ngati chifuwa sichikuleka kapena ali ndi mphumu, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mapapo angathe kudzaza madzi patapita maola angapo munthu akuyesa kuti wachira.

Moto ukabuka

Jik sayaka, koma akatenthedwa amatulutsa utsi wapoizoni. Klorini wa ufa nayenso sayaka yekha, koma amadyetsa moto potulutsa okosijeni. Akakhudzana ndi dizilo, oilo wa galimoto, mafuta a mabuleki, shuga, nsanza za mafuta kapena feteleza, angathe kuyambitsa moto popanda machesi. Taganizirani tsono chipinda chosungiramo katundu pa mpingo wanu: denga la malata, kutentha kwa Okutobala kwa ku Nyimba, ndipo mkatimo muli chitini cha klorini, petulo wa jenereta, matumba a feteleza ndi mipando yothyoka, zonse pamodzi.

Moto wa mtundu umenewu suzimitsidwa pouphimba ndi bulangeti kapena mchenga, popeza uli ndi okosijeni wakewake. Kapu ya madzi imangouwonjezera ukali ndi utsi. Chozimira moto cha ufa chija chofiira nachonso sichiyenera pamenepa. Chofunika ndi madzi ochuluka kwambiri, othiridwa munthu ali patali, mphepo ili kumsana. Ngati muli ndi ndowa imodzi kapena ziwiri zokha, musayese. Tulutsani anthu onse, aime kumene mphepo ikuchokera ndi pamalo okwera, werengani ana, imbani 993 ndipo muwauze ozimitsa motowo kuti mkatimo muli klorini. Mipando ndi mapoto a Chigwirizano tidzasonkha ndalama n'kugula ena.

Moto wa sipiriti ndi sanitaiza ndi wina. Lawi lake silioneka bwino masana, mwakuti munthu angathe kupsa asanadziwe kuti pali moto. Uwu ndiye umaphimbidwa ndi chivindikiro, thumba lonyowa kapena mchenga. Mukadzola sanitaiza dikirani manja aume musanayandikire mbaula kapena kandulo. Chitenje chikagwira moto musathamange: gonani pansi, gubuduzikani, anzanu akuphimbeni ndi bulangeti. Chilonda cha moto chiziziritsidwe ndi madzi kwa mphindi 20, n'kuphimbidwa ndi nsalu yoyera. Mankhwala otsukira mano, dzira, ufa ndi mafuta odzola zisiyeni.

Zokambirana ndi zochita

1. Kodi kwanu mankhwalawa ali m'mabotolo ake enieni, olembedwa dzina, ndi pamalo pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pampando?

2. Mwana atamwa bulichi usiku kumudzi kwanu, ndani ali ndi njinga yamoto kapena galimoto? Nambala yake muli nayo?

3. Amai atatu ayerekeze pamaso pa onse kutsuka diso la mwana. Wina agwire wochi mpaka mphindi 15 zikwane.

Tisanakumanenso, atsogoleri a dera lililonse apemphe makiyi kwa akulu a mpingo, akatsegule chipinda chosungiramo katundu. Klorini asamutsidwire payekha, pouma, pamthunzi, chitini chotsekedwa bwino ndi chosakhudza pansi. Pakhomo la chipindacho pakhale ndowa ya mchenga, magolovesi ndi chigubu cha malita 20 chodzaza madzi oyera.