Lenzi yaitali imasunga chisa: kusankha kamera yojambulira nyama osazisowetsa mtendere

Ndiyambe ndi kuulula tchimo langa. Chaka china mvula itangoyamba, ndinapeza chisa cha pumbwa pakachitsamba ka m'mbali mwa kamtsinje, kumunsi kwa munda wa tiyi kwathu kuno ku Masambanjati. Munali mazira awiri. Ndinali ndi foni yokha, ndiye kuti mazirawo aoneke bwino ndinayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda chisa, n'kuthyolako timasamba tomwe tinkanditchinga. Make anauluka akulalata. Chithunzi chinatuluka chokongola ndithu, anzanga pa WhatsApp anachiyamikira. Patapita masiku atatu ndinabwererako, n'kupeza chisa chili pululu, chigoba chimodzi chili pansi. Timasamba tija ndi tomwe tinkabisa chisacho kwa akhwangwala ndi njoka, ndipo amene anatichotsa ndi ine.

Pambuyo pake ndinazindikira kuti theka la vutoli linali chida chomwe ndinali nacho. Foni inandikakamiza kuyandikira. Ndiye lero tiyeni tione momwe Fizikisi ndi Bayoloje zimathandizirana posankha zida zojambulira.

Nyama iliyonse ili ndi malire ake

Yeserani kuyandikira njiwa yomwe ikutola chakudya pabwalo. Poyamba imasiya kudya, kenaka imadzutsa mutu, mukapitirira imauluka. Akatswiri a khalidwe la nyama amayeza mtunda umene nyama imayambira kuthawa, ndipo pa Chingerezi amautcha flight initiation distance. Umasiyana malinga ndi mtundu wa nyama komanso malo: mpheta za pamsika zinazolowera anthu, pomwe mbalame za m'nkhalango zimathawa muli kutali.

Kuthawako sikwaulere ayi. Mbalame imawononga mphamvu, imasiya chakudya, ndipo ngati ikufungatira, mazira omwe amafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 37 amayamba kuzizira. Lamulo langa n'losavuta: nyama ikasintha zomwe imachita chifukwa cha ine, ndiye kuti ndayandikira mopyola. Chida chabwino ndi chomwe chimandilola kujambula ndili kunja kwa malire amenewa.

Masamu a lenzi

Pa lenzi iliyonse pamalembedwa nambala ya mamilimita, monga 50mm kapena 400mm. Imeneyi ndi focal length ija mumaphunzira pa mutu wa malenzi. Chinthu chikakhala patali, kukula kwa chithunzi chake pa sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kamera, timakupeza motere:

kukula kwa chithunzi = focal length × kukula kwa chinthu ÷ mtunda

Titenge pumbwa wotalika masentimita 20, ali pa mtunda wa mamita 10. Zonse tizisinthe zikhale mamilimita: mbalame 200, mtunda 10,000. Tiyerekeze sensa yaikulu ija ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi.

Kamera yaikulu ya mafoni ambiri imaona ngati lenzi ya 26mm pa sensa yotere. Ndiye 26 × 200 ÷ 10,000 = mamilimita 0.52. Kadontho chabe, eti?

Ndi lenzi ya 400mm: 400 × 200 ÷ 10,000 = mamilimita 8. Apa mbalame ikudzaza kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo asanu a chithunzi, nthenga zikuoneka bwinobwino.

Nanga wa foni uja kuti apeze mamilimita 8 omwewo ayandikire mpaka pati? 26 × 200 ÷ 8 = mamilimita 650, kutanthauza masentimita 65. Ndi pomwe ndinaima ine tsiku lija. Mwaona tsopano chifukwa chake ojambula mbalame amayambira pa 300mm kapena 400mm kupita m'tsogolo.

Chenjerani ndi zoom ija yokoka ndi zala pa foni. Kawirikawiri imangodula kachigawo ka chithunzi n'kukakulitsa, siiwonjezera kanthu. Imene imagwira ntchito yeniyeni ndi ya magalasi, yotchedwa optical zoom. Dziwaninso kuti makamera a sensa yocheperako, ya APS-C, amaona kachigawo kochepa, moti lenzi ya 300mm imaoneka ngati 450mm pa Nikon kapena Sony, ndi 480mm pa Canon. Kwa wojambula mbalame zimenezi n'zopindulitsa, komanso makamerawa ndi otsikirako mtengo.

M'nkhalango mumakhala mdima

Mbalame yomwe inatchukitsa boma lathu kwa akatswiri ndi Thyolo Alethe. Anaipatsa dzina la sayansi mu 1927 kuchokera ku dzina la Cholo, momwe atsamunda ankalembera Thyolo. Imapezeka m'nkhalango zochepa za m'mapiri kum'mwera kwa Malawi, monga ku Mulanje, komanso ku mapiri a Namuli, Mabu ndi Chiperone ku Mozambique, ndipo ili pa mndandanda wa IUCN wa zamoyo zomwe zili pachiwopsezo. Nkhalango yaikulu ya phiri la Thyolo inadulidwa, ndipo kachigawo kodziwika komwe katsala kali ku esiteti ya Satemwa. Mbalameyi imakonda kutsatira linthumbu, n'kumagwira tizilombo tomwe tikuthawa.

Imakhala pansi pa mitengo ikuluikulu, pomwe kuwala n'kochepa ngakhale masana. Apa pali zinthu zitatu zoti muzidziwe.

Choyamba ndi chibowo cholowetsa kuwala, cholembedwa ngati f/4, f/5.6 kapena f/8. Nambalayi ndi focal length kugawa ndi kukula kwa chibowocho. Lenzi ya 400mm pa f/5.6 ili ndi chibowo cha mamilimita pafupifupi 71. Nambala ikachepa, chibowo chimakula: f/4 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa f/5.6. N'chifukwa chake malenzi otere amakhala olemera ndi odula.

Chachiwiri ndi liwiro la shutter, kachitseko komwe kamatseguka n'kutsekeka mukajambula. Lenzi yaitali imakulitsanso kunjenjemera kwa manja anu. Lamulo lakale limati ndi 400mm musatsike pa 1/400 ya sekondi, ndipo mbalame youluka imafuna 1/1000 kapena kuposa. Miyendo itatu yoimikira kamera imathandiza, koma ngakhale kathumba ka nyemba kapena mchenga kotsamizirapo lenzi kamagwira ntchito.

Chachitatu ndi ISO. Mukaikweza chithunzi chimawala, koma chimakhala ndi timadontho ngati mchenga. Ine ndimalolera timadonthoto kusiyana ndi kuyatsa fulashi.

Zida zomwe ndimazisiya kunyumba

Fulashi ndi yoyamba. Kuwala kwake kumatsatira inverse square law: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika pa chinthu kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndiye fulashi imakukokerani pafupi, komwe sitikufuna. Komanso maso a nyama za usiku, monga changa ndi kadzidzi, anapangidwa kuti azitola kuwala kochepetsetsa. Inu nomwe mukathwanimitsidwa ndi tochi usiku mumaona zimbuuzi, ndipo diso la munthu limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowerenso mdima kwathunthu. Taganizani kadzidzi yemwe chakudya chake chimadalira maso ndi makutu usiku womwewo.

Chachiwiri ndi kasipika koimbira kulira kwa mbalame. Yaimuna ikamva imaganiza kuti kwabwera mnzake wodzalanda malo, ndiye imasiya chisa ndi chakudya kukasaka mdani yemwe kulibe. Kwa mbalame yomwe yangotsala ndi kachidutswa ka nkhalango ngati Thyolo Alethe, ndipo alendo onse amaifunira pamalo amodzimodzi, kumeneku n'kuizunza.

Chachitatu ndi drone. Phokoso lake limasokoneza njovu, ndipo mbalame zambiri zimaiona ngati kabawi. Kumalo otetezedwa monga Majete ku Chikwawa, komwe bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2003, musaulutse popanda chilolezo.

Chomwe ndimachifuna m'kamera ndi shutter yosalira, yomwe pa menyu imalembedwa kuti silent kapena electronic. Pa foni, thimitsani kaphokoso kojambulira ndi fulashi musanalowe m'tchire.

Nanga ife opanda ndalama?

Ndikudziwa ena mukuti, "Aaa, zimenezo n'za azungu obwera ndi magalimoto." Ayi, njira zilipo.

Yoyamba ndi foni ndi zoonera patali zija timati ma binoculars. Gundanitsani kamera ya foni ndi diso limodzi la zoonerazo. Za 8×42 zimakulitsa ka 8, ndiye 26 × 8 = 208mm. Pamafunika kuleza mtima kuti zigwirizane, koma zimatheka. Ngati pasukulu panu pali kalabu ya zachilengedwe, monga zomwe bungwe la WESM limalimbikitsa, funsani aphunzitsi oyang'anira ngati zilipo zobwereka.

Yachiwiri ndi makamera a lenzi yosachotsa koma ya zoom yaikulu. Mwachitsanzo Nikon Coolpix P900, yomwe inatuluka mu 2015, imachokera pa 24mm kufika pa 2000mm. Sensa yake ndi yaing'ono, ndiye mumdima imavutika, koma m'mbali mwa munda wa tiyi dzuwa likuwala imachita bwino. Mukamagula yogwirapo kale ntchito, unikani m'lenzi ndi tochi. Mukaona timizere ngati ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu, isiyeni. Chinyezi cha kuno, makamaka nthawi ya chiperoni, chimameretsa nkhungu msanga, choncho sungani kamera m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel tija timabwera m'makatoni a nsapato.

Yachitatu ndi yaulere: valani zovala zosawala, khalani pansi phee pafupi ndi mtengo wa zipatso kapena madzi, dikirani. Mbalame ikabwera yokha, malire yasankha ndi iyo. Ngati malowo ndi a esiteti kapena munda wa munthu, yambani mwapempha.

Chithunzi chimaulula malo

Foni imatha kusunga malo enieni omwe mwajambulira mkati mwa chithunzi, kudzera pa GPS. Ngati mwajambula ngaka, yomwe ozembetsa nyama amaisaka kwambiri, kapena chisa cha mbalame yosowa, mungawalozere njira mosadziwa. Thimitsani location pa kamera, ndipo polemba mungotchula boma basi. Mukaona ngaka ili pangozi, dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire kapena apolisi musanaganize za Facebook.

Ntchito yanu sabata ino

1. Njovu yotalika mamita 3 ili pa mtunda wa mamita 50. Ndi lenzi ya 300mm, chithunzi chake chidzakhala mamilimita angati? Kodi chikwana pa sensa ya 36 ndi 24?

2. Kambalame ka masentimita 15 mukufuna katuluke mamilimita 9 pa sensa. Ndi lenzi ya 600mm, muime pa mtunda wotani?

3. Sankhani mitundu iwiri ya mbalame za pasukulu panu. Yendani pang'onopang'ono kulunjika iliyonse kamodzi kokha, n'kuwerenga masitepe kuchokera pomwe munali itauluka kufika pomwe inatera. Musachite zimenezi pa chisa. Ndi iti yomwe ingafune lenzi yaitali?

Mayankho tidzaonera limodzi m'phunziro lotsatira. Chithunzi cha mazira chija ndinachisungabe m'foni, ndipo ndimachiyang'ana ndikayamba kulakalaka kuponya sitepe imodzi yowonjezera.